Miyala ya kumunsi kwa msewu ija inabwera ndi ndani?

Zikomo a mfumu, zikomo a komiti pondipatsa mpatawu. Amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata muli kumbuyoko, mafoni aja tayambani mwaika m'thumba. Sindichedwa, ngakhale mukudziwa kale kuti mphunzitsi wopuma ntchito akati sindichedwa ndiye kuti dzuwa litilowera pompano.

Chatisonkhanitsa ndi malo omangapo buloko yatsopano ya sukulu ndi nyumba ziwiri za aphunzitsi. Ena mukuti kumunsi kwa msewu chifukwa ndi posalala, mchenga uli pafupi, lole ya simenti ifika bwinobwino. Ena mukuti kumtunda kwa chitsime. Nde sabata yatha mnyamata wina anandipeza pa golosale n'kundifunsa kuti aphunzitsi, zakale mumakonda kutiuzazi zitithandiza chiyani, ife tikumanga lero osati mu 1991 nthawi ya madzi osefukira kuno ku Phalombe. Sindinakwiye ayi, funso lake ndi labwino, ndipo ndimuyankha pano pagulu.

Kumunsi mukukunenako kuli miyala ikuluikulu, inayi kapena isanu, ina kutalika kuposa ine. Amayi mumayanikapo mphale, ana amakwerapo posewera chibisalirano. Munayamba mwaigwira? Ndi yosalala ngati nsima yoti aikonza ndi chipande, ilibe ngodya zakuthwa ngati miyala ya m'phiri ija timaphwanya ya kwale. Kawirikawiri mwala susalala chonchija utangokhala pamalo amodzi. Unagubuduzika. Ndipo pamalo pathyathyathya ngati paja mwala wa msinkhu wa nyumba sungagubuduzike wokha, palibenso thirakitala inabwera nayo. Anaubweretsa ndi madzi, kuchokera kumtunda uko, ndipo tsiku limene ankaubweretsalo madziwo anali ndi mphamvu yonyamula mwala umenewo. Tsono buloko ya njerwa zowotcha ingawavute?

Ine mu Malichi 1991 ndinali nditangoyamba kumene kuphunzitsa. Nthawi imeneyo Phalombe inali isanakhale boma payokha, tinali pansi pa Mulanje. Mvula inagwa masiku angapo osakata, kenako m'phiri la Michesi munamveka chiphokoso, ife tinkayesa ndege kapena mabingu koma sichimatha, chimangokula. Agogo anga aakazi ndi amene anatitulutsa m'nyumba, anangoti Napolo uyo, thawirani kuchulu, osatenga kanthu. Iwo anali atamvapo za Napolo wa ku Zomba wa mu Disembala 1946, uja anagumula milatho m'tawuni ya Zomba nthawi ya atsamunda, ndipo ankadziwa kuti phokoso lotere likamveka sufunsa mafunso. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi fungo, fungo la dothi lofukulidwa kumene ndi mitengo yothyoka, linafika madzi asanafike. Kutacha tinapeza matope, miyala ndi mitengo yathunthu ndi mizu yomwe zili pamene panali midzi. Anthu mazanamazana anapita, ambiri sitinawaike n'komwe m'manda chifukwa sanapezeke.

Akuluakulu ankati Napolo ndi chinjoka chachikulu chimene chimakhala m'phiri, chikafuna kusamuka kupita kunyanja chimagumula chilichonse panjira. Anyamata a sekondale mumaseka mukamva zimenezi, inenso m'kalasi ndinkaphunzitsa kuti ndi dothi la m'phiri limene lamwa madzi mpaka kukhuta, lalemera, n'kutsetsereka ndi miyala yomwe. Zoona zake ndi zimenezo. Koma taonani chimene nthano ya chinjokayo inkachita. Inkauza anthu kuti chinthuchi chili ndi njira yake, chinadutsapo ndipo chidzadutsanso, musamange panjirapo. Agogo osadziwa kulemba dzina lawo anali ndi mapu m'mutu. Madzi saiwala khwawa, mwambiwu sanangoupeka pomwa mowa.

Nalonso boma linaphunzirapo kanthu, lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi linakhazikitsidwa chaka chomwecho cha 1991 chifukwa cha zimene zinachitika kuno. A DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mumawaona akubwera ndi matenti ndi chimangawa, chiyambi chawo ndi chimenecho. Ndiye amene akuti zakale sizithandiza, ufa analandira kukampu uja unachokera ku zakale zomwezo.

Koma ndisakunamizeni kuti ukadziwa mbiri basi wapulumuka. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse chifukwa ine ndemwe zinandipusitsapo.

Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, a zanyengo anachenjeza pa wailesi masiku angapo zisanachitike, mauthenga anafika ndi m'mafoni momwe. Namondwe ameneyu anayambira kufupi ndi Australia, anawoloka nyanja yonse ya India, anamenya Madagascar, anamenya Mozambique kawiri, kachiwiriko kufupi ndi Quelimane, n'kulowa kuno kummwera. Anatha masabata oposa asanu ali moyo, akatswiri akuti palibe wina anakhalitsapo chonchi. Nanga ife tinkati chiyani titamva chenjezo? Ine ndi pakamwa pangapa ndinauza apabanja panga kuti khalani phee, mu 1991 madzi sanafike pano, anathera pa mtengo wa mango uko. Ndinkadalira mbiri. Madzi anadutsa pa mango paja ngati palibe kanthu, analowa m'nyumba mpaka m'chiuno, mbuzi zisanu ndi nkhokwe zinapita, ife tinapulumukira pawindo usiku. Ku Chilobwe ku Blantyre matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba anthu ali m'tulo, ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unakokoloka. Dziko lonse, akufa ndi osowa pamodzi anaposa 1000, osowa pokhala anaposa 600,000.

Nde cholakwika chinali chiyani, mbiri inanama? Ayi, ine ndi amene ndinaiwerenga mwaulesi. Ndinatenga chaka chimodzi chimene ndinaona ndi maso anga n'kuchiyesa malire a madzi mpaka kalekale. Zaka 30 kapena 40 zimene munthu amakumbukira ndi zochepa kwambiri kwa phiri. Miyala ya kumunsi ija agogo anga anaipeza ilipo kale, iwonso sankadziwa inabwera liti, kutanthauza kuti kunachitika china chachikulu kuposa cha 1991 kale kwambiri, ndipo umboni wake ndinkaudutsa tsiku lililonse popita kuntchito osaufunsa kanthu. Chinanso, phiri la 1991 si phiri la lero. Nthawi ija kumtunda kunali mitengo yoti ukalowamo masana kumada. Lero mukudziwa nokha, makala tawotcha, minda takwera nayo mpaka pamwamba, ineyo matumba angati a makala ndagula, sindikuloza chala munthu. Mitsinje yadzaza mchenga, madzi pang'ono yasefukira. Ndiye ukamati kale madzi ankathera apa, uzifunsanso kuti kodi chimene chinkawaimitsa apacho chikadalipo?

Komanso namondweyu akubwera pafupipafupi. 2015 madzi osefukira mu Januwale, 2019 namondwe Idai, 2022 namondwe Ana uja anawononga damu la Kapichira dziko n'kukhala mumdima miyezi, 2023 Freddy. Mwana amene ali sitandade 8 panopa waona zambiri kuposa zimene ine ndinaona zaka zanga 30 zoyambirira.

Pali amayi ena apa akundiyang'ana ngati akuti aphunzitsi mukulankhula chifukwa muli ndi penshoni. Ndawamva. Kudziwa ndi kwina, kukhala ndi kopita ndi kwina. Abale athu a ku Nsanje ndi Chikwawa, monga a ku Makhanga, mbiri ya mtsinje wa Ruo ndi Shire amaidziwa kuposa wina aliyense wa mu ofesi ku Lilongwe, koma kusamuka kumavuta chifukwa dothi lachonde lili komweko kumadziko, manda a makolo ali komweko, ndipo kumtunda ukafika umakhala mlendo pamalo a mfumu ina. Munthu wotere sungamunene kuti ndi mbuli. Amene anabwerera kukamanga pamalo pomwe nyumba inagwa, ambiri si kuti anaiwala, malo ena alibe. Zimenezo ndi za a mfumu ndi boma kuti atithandize, ndipo a mfumu mwandimva.

Koma sukulu ndi nkhani ina. Pa sukulu tili ndi mwayi wosankha, malo awiri onse alipo, a mfumu apereka. Ndipo kumbukirani kuti madzi akabwera tonse timathawira kusukulu, mu 2023 tinagona m'makalasi milungu ingati, amayi mbali iyi abambo mbali iyo, madesiki titawaunjika panja. Ndiye tikamanga kumunsi, tikumanga pothawira pathu panjira ya madzi. Kumtunda n'kovuta inde, lole sifika, mchenga tidzasenza pamutu ndi mawilibala, maziko adzadya simenti yambiri chifukwa cha chitunda, mwina tidzachedwa ndi mwezi wathunthu. Ine maganizo anga ndi kumtunda, sindikubisa. Koma nakonso musangovomera chifukwa ndanena ine, ndakuuzani kale kuti ndinalakwitsapo. Kumtunda nakonso kuli kakhwawa kouma kumbuyo kwa chitsime kamene sindikukakhulupirira, tikakaone kaye.

Pempho langa ndi ili. Loweruka m'mawa tisanavote, tiyende malo onse awiri. Agogo onse amene angathe kuyenda abwere, amene sangathe tidzawatengere pa njinga, atiuze pamene madzi anafika mu 1991 ndi zimene makolo awo ankawauza. Amene munaona za 2023 muloze panu. Achinyamata, mafoni aja ndi pamene agwire ntchito, mujambule, mulembe m'kope, kopelo likakhale kwa a mfumu ndi lina kusukulu kuti ana aziwerenga, chifukwa agogowa sitikhala nawo mpaka kale, chaka chathachi taika atatu. Tipake penti yofiira pa mitengo ndi pa miyala pamene madzi anafika chaka chilichonse. Penti ndigula ine, lita imodzi ikwana. Mnyamata unandifunsa ku golosale uja ndakuona uli apo, burashi udzanyamula ndiwe.

A mfumu, ndathera pamenepa. Tikumane pachitsime 7 koloko, mubwere ndi nsapato zoyendera m'minga.