Kodi kuyeza magazi kungasonyeze kuti munthu wagwidwa ndi sitiroko?

Moni owonera nonse, takulandiraninso. Lero tikambe za sitiroko, makamaka ija yobwera mtsempha wopita ku ubongo ukatsekeka. Amene mwabwera koyamba, dinani subscribe, tiyambepo.

Mwachangu: sitiroko ilipo ya mitundu iwiri. Ina, mbulu wa magazi oundana umatseka mtsempha. Madokotala amati ischemic, ndipo ndiyo imagwira pafupifupi 85 mwa odwala 100 aliwonse a sitiroko. Inayo, mtsempha umaphulika, magazi n'kutayikira mu ubongo. Kunja zimaoneka zofanana: kamwa kupotoka, mkono kufooka, lilime kulemera. Nanga kuchipatala magazi amawayezeranji?

Choyamba, shuga. Amangobaya chala. Shuga akatsikitsitsa, munthu amatha kufooka mbali imodzi ngati wa sitiroko, pamene akungofunika shuga basi.

Chachiwiri, amaona ngati magaziwo akuundana bwino. INR, nambala yosonyeza mmene magazi akuchedwera kuundana, ikaposa 1.7, kapena ma platelet, timaselo tothandiza magazi kuundana, akachepera 100,000, mankhwala osungunula mbulu otchedwa alteplase saperekedwa, poopa kuti wodwala angataye magazi mu ubongo.

Chachitatu, ndipo apa mundilole ndikhalitsepo chifukwa nkhani iyi imandipweteka mtima. Pali bodza loti pali magazi amene ukayezetsa amanena kuti iyi ndi sitiroko, ndipo akatuluka abwinobwino ndiye kuti palibe vuto. Ayi, abale anga! Kumtima kuli troponin, imene imakwera minofu ya mtima ikavulala, ndipo madokotala amaidalira. Ubongo ulibe yotere. Chifukwa chake n'chakuti ubongo uli ndi chotchinga chimene sichilola zinthu kudutsa mwachisawawa pakati pa iwo ndi magazi, choncho mapuloteni otuluka m'maselo ovulala amachedwa kufika m'magazi. Imodzi mwa mapuloteniwa, yotchedwa S100B, imafika pachimake patapita masiku 2 kapena 3, pamene alteplase amafunika pasanathe maola 4 ndi theka. Ndiye mudikira chiyani? Komanso S100B yomweyo imakwera munthu akangovulala m'mutu. Puloteni ina, NSE, imapezekanso m'maselo ofiira a magazi, moti maselowo akasweka pokoka magazi, nambala imakwera yabodza. Inanso, neurofilament light, imakwera pang'onopang'ono kwa masiku, nthawi zina masabata.

Puloteni imene ikupatsa chiyembekezo ndi GFAP. Mtsempha ukaphulika imakwera m'maola oyambirira, koma ukangotsekeka imachedwa, choncho ofufuza akuyesa ngati ingathandize kusiyanitsa mitundu iwiriyi wodwala ali mu ambulansi. Ineyo ndikuitsatira mwachidwi, koma kuyesa kukadali mkati. Pakadali pano chimene chimasiyanitsa ndi chithunzi cha ubongo, CT scan kapena MRI. Ndipo mverani izi: kafukufuku wa Jeffrey Saver wa mu 2006 anawerengera kuti mtsempha waukulu ukatsekeka, ubongo umataya maselo pafupifupi 1.9 miliyoni pa mphindi iliyonse. Pa mphindi! Ndiye wina n'kumati tiyambe tayezetsa magazi, zotsatira tikatenge mawa? Komanso musamumwetse aspirin kunyumba. Ngati ndi mtsempha wophulika, mukuwonjezera vuto. Kodi munamvapo bodza la kuyeza magazi lija? Lembani m'munsimu, ndimawerenga ndemanga zanu zonse.

Chachinayi, kukula kwa sitiroko. Madokotala amagwiritsa ntchito sikelo ya NIHSS, yoyambira 0 mpaka 42, pomuyang'ana wodwala maso, nkhope, manja, miyendo ndi kalankhulidwe. Magazi amangothandizira. S100B ikakwera kwambiri pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, nthawi zambiri gawo la ubongo limene lawonongeka limakhala lalikulu. Shuga wokwera pofika kuchipatala, komanso CRP yokwera, puloteni yosonyeza kutupa m'thupi, zimapezeka kawirikawiri mwa amene amachira movutikira. Puloteni ya MMP-9 ikachuluka imachenjeza kuti malo ovulalawo akhoza kuyamba kutaya magazi.

Chachisanu, puloteni ya NT-proBNP, imene mtima umatulutsa ukapanikizika, ikakhala yokwera imaloza kumtima, kuti mwina mbuluwo wachokera kumeneko chifukwa cha kugunda kosalongosoka kotchedwa atrial fibrillation. Zikatsimikizika, mankhwala oteteza sitiroko yachiwiri amasintha. Imeneyo ndiye nkhani ya vidiyo yotsatira. Dinani like ndi kabelu kaja kuti isakupiteni, ndipo iyi itumizeni kwa aliyense amene akusamalira munthu wodwala BP kapena shuga.