Odwala ambiri, maola ochepa: wophunzira unamwino agawe bwanji nthawi mu wodi?

Moni nonse. Vidiyo ya leroyi ndi ya inu ophunzira unamwino amene mwangoyamba kulowa mu wodi. Apa dripi yatha, uko wodwala akuitana, sisita akufuna fayilo, inu mutu uli balala. Tiyeni tione poyambira.

Fikani lipoti lisanayambe, kapepala ndi cholembera zili m'manja. Pamene a usiku akupereka lipoti musalembe zonse ayi. Lembani nambala ya bedi, chimene chikudetsa nkhawa, ndi ola limene chinthu chiyenera kuchitika. Kenako dzifunseni kuti, ndani sangadikire? Wopuma movutikira ndiye woyamba, pambuyo pake wotaya magazi kapena amene wayamba kusokonezeka mutu. Kuyala mabedi kukhoza kudikira.

Lipoti likatha yendani bedi ndi bedi kwa odwala amene mwapatsidwa. Perekani moni, tchulani dzina lanu, ndipo nenani kuti ndinu wophunzira. Ena amachita nazo manyazi, koma wodwala ali ndi ufulu wodziwa amene akumugwira, ngakhalenso wokana.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene ambiri amasochera. Amaganiza kuti kulankhula ndi wodwala ndi ntchito ina yapadera, yochita zonse zikatha. Mu wodi ntchito siitha. Kulankhulako kumachitikira mkati mwa ntchitoyo. Kupaka sanitayiza m'manja kumatenga masekondi 20 mpaka 30, ndipo nthawi imeneyi ikukwanira kufunsa kuti, "Mayi, mwagona bwanji? Ululu uli pati lero?" Potembenuza wodwala amene sangadzitembenuze yekha, kawirikawiri maola awiri aliwonse, maso anu akhale pakhungu la kumsana ndi zidendene, pakamwa mukufotokoza chimene mukuchita. Mukatha kuwerenga kugunda kwa mtima, komwe kwa munthu wamkulu wopumula kumakhala 60 mpaka 100 pa mphindi, musachotse zala padzanja. Werengani kapumidwe mwakachetechete kwa mphindi yathunthu, pakuti munthu akadziwa kuti mukumuwerenga amasintha kapumidwe. Koyenera kwa munthu wamkulu ndi 12 mpaka 20 pa mphindi. Ine zimandiwawa kuona nambala imeneyi ikungolembedwa mongoganizira, pomwe nthawi zambiri ndi imene imayamba kusonyeza kuti wodwala akufooka.

Nanga wodwala wankhani zosatha? Musamuthawe, mwina ndi mantha akumulankhulitsa. Muuzeni zoona: "Bambo, nkhaniyi ndikufuna ndiimve bwino, koma pali wina akudikira thandizo. Ndibweranso 11 koloko." Ikakwana 11 koloko, bweranidi. Mawu akuti "ndikubwera" kenako n'kuzimirira amapha chikhulupiriro, ndipo wodwala wotere aziitana kawirikawiri. Akakufunsani zimene simukudziwa, musapeke yankho. Nenani kuti, "Ndikafunse kaye kwa sisita."

Pali malo amodzi pomwe liwiro ndi loletsedwa: pamankhwala. Wodwala wake, mankhwala ake, mlingo wake, njira yake, nthawi yake. Zisanu zonsezi muzitsimikize namwino wokuyang'anirani ali pomwepo. Dripi nayo imafuna masamu, osati kungoyang'ana ndi maso. Ngati paketi ya chubu yalembedwa madontho 20 pa mililita, ndiye kuti mamililita 1,000 oyenera kutha m'maola 8 adontha pafupifupi ka 42 pa mphindi. Mukapereka, lembani nthawi yomweyo, musadalire kukumbukira madzulo.

Ndipo mukapeza nambala yachilendo, kaya BP yatsika, kaya kapumidwe kakwera, musati ndimalize kaye kuyeza onse. Siyani pomwepo, kauzeni namwino wamkulu: bedi lakuti, ndapeza zakuti, m'mawa zinali zakuti.

Mu vidiyo yotsatira tidzakambirana kaperekedwe ka lipoti pomaliza shifiti.