Makalata a omvera: za timayiko ta pa zilumba tija mwandilembera ambiri

Moni nonse kulikonse kumene mukutimvera, amene muli m'minibasi, amene mukutsuka mbale, ndi inu alonda amene simutiphonya. Sabata yatha tinakamba za timayiko ta pa zilumba za m'nyanja ya Pacific, kuchigawo chotchedwa Polynesia, ndiye makalata ndi mauthenga a pa WhatsApp abwera ambiri zedi, sindiwerenga onse, amene ndikudumpheni musandikwiyire.

Yoyamba ndi ya bambo wina wa ku Nkhotakota, akuti "achimwene, ku Tuvalu kuja munati kuli anthu 11,000, kodi simunaiwale ziro mmodzi?" Ayi bambo, ziro ali onse. Anthu pafupifupi 11,000 pa zilumba 9, mtunda wonse ukaphatikiza ndi masikweya kilomita 26 basi. Boma la Likoma pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu opitirira 14,000, ndiye a ku Likoma ndi Chizumulu akuwaposa. Koma a ku Tuvalu ndi dziko loima palokha kuyambira pa 1 October 1978, ndipo ku United Nations analowa mu 2000, voti yawo ndi imodzi ngati ya China.

Mayi wina wa ku Zomba akufunsa kuti chipani cholamula kumeneko ndi chiti. Mayi, zipani kulibe. Aphungu alipo 16, aliyense amaima payekha, akapambana amasankhana okhaokha nduna yaikulu, mu February 2024 anasankha a Feleti Teo. Ndiye nsalu ya chipani ya ulele kumeneko musakaiyembekezere. Koma musaganize kuti kulibe mapokoso, maboma angapo anagwapo chifukwa aphungu awiri atatu asintha mbali.

Tsopano kalata iyi ndi imene yandisowetsa mtendere. Yachokera kwa mnyamata wa ku Ndirande, akuti sukulu anamaliza koma ntchito sakuipeza. Walemba kuti: "Anthu a ku Tuvalu ndi amwayi. Nyanja ikuwameza inde, koma Australia yawatsegulira khomo. Ine ndikanakhala wa kumeneko ndikananyamuka mawa lomwe osacheuka. Bwanji onse osangosamuka? Dziko lake lanji loti madzi amatumphuka pansi pa nyumba?"

Mphwanga, choyamba sindikukudzudzula chifukwa chofuna kuchoka, munthu wokhala pakhomo ndi satifiketi m'chikwama zaka zikupita ndikudziwa mmene mtima umawawira. Ndipo za madzizo sukunama. Ku Funafuti, likulu lawo, nyanja ikadzaza kwambiri madzi amchere amatulukadi pansi chifukwa nthaka yake ndi ya miyala yobowokabowoka, malo okwera kwambiri m'dziko lonselo sakwana mamita 5, ndipo pulaka, mbewu yawo yonga koko imene amadzala m'maenje, ikuwonongeka ndi mchere. Mitsinje kulibe, amadalira madzi a mvula a m'mathanki, mu 2011 mvula itasowa boma linachita kulengeza kuti kwagwa ngozi ndipo New Zealand ndi Australia anatumiza makina osefera madzi a m'nyanja.

Koma mawu oti "amwayi" ndi amene andibaya. Pangano limene latsegula khomolo, lotchedwa Falepili Union, anasainirana mu November 2023 a Kausea Natano amene anali nduna yaikulu nthawi imeneyo ndi a Anthony Albanese a ku Australia, ndipo limalola anthu 280 pachaka kukakhala, kukagwira ntchito ndi kukaphunzira ku Australia, amawasankha mwa maere. Tawerengera wekha, 280 kwa zaka 10 ndi anthu 2,800, ndiye kuti pa anthu anayi aliwonse mmodzi wapita. Nanga amayamba kupita ndani? Si gogo wosayenda uja ayi, ndi namwino, mphunzitsi, makaniko wa jenereta, anthu oti akafika uko ntchito aipeza msanga, ndipo dziko la anthu 11,000 likataya anamwino owerengeka chabe chipatala chagwada. Komanso zaulele kulibe mphwanga, m'pangano lomwelo muli mfundo yoti Tuvalu ikafuna kugwirizana ndi dziko lina lililonse pa nkhani za chitetezo, iyenera igwirizane kaye ndi Australia. Anthu ena kumeneko anadandaula kwambiri kuti sanafunsidwe.

Ukafuna kuona mathero a "tonse tingosamuka", yang'ana ku Niue. Chilumba chimenechi chimadzilamulira chokha kuyambira 1974 koma anthu ake ndi nzika za New Zealand, ndege angokwera, palibe za viza. M'ma 1960 kunali anthu pafupifupi 5,000, lero sakwana 2,000, pamene ku New Zealand kuli anthu ochokera ku Niue oposa 30,000. Namondwe Heta atasakaza likulu lawo Alofi mu January 2004 enanso anachoka. Midzi ilipo 14, nyumba ya malamulo ili ndi mipando 20, koma m'midzimo nyumba zambiri n'zotseka, udzu unamera mpaka pakhonde, ndipo ana ambiri obadwira ku Auckland, mzinda wa ku New Zealand, chilankhulo cha makolo awo sachidziwa bwino. Amene anapitawo ambiri zikuwayendera, sindikukana. Ine ndikunena za otsala, amene munthu mmodzi ayenera kukhala wa ku ofesi ya boma masana, mlimi madzulo, dikoni Lamulungu, chifukwa wina woti achite palibe.

Ndiye funso lako loti "dziko lake lanji". Mtunda ndi wochepa inde, koma nyanja yawo ndi masikweya kilomita oposa 700,000, yodzaza ndi nsomba za tuna, ndipo sitima za makampani akunja zimalipira tsiku lililonse limene zawedza mmenemo, ndalama zambiri za boma zimachokera pamenepo. Onse atachoka nyanjayo ikhala ya ndani? Ndi chifukwa chake mu 2023 analemba m'malamulo aakulu a dziko lawo kuti Tuvalu idzakhalabe dziko ndi malire ake a panyanja ngakhale mtunda utamira. Munaona chithunzi chija cha nduna yawo a Simon Kofe mu 2021, atavala suti ndi tayi ataima m'madzi ofika m'maondo kulankhula ku msonkhano wa za nyengo wa ku Glasgow. Ena munaseka, ine ayi. Ku Tuvalu komweko kulinso manda a agogo awo, ndipo iwe mphwanga ndikudziwa kuti ukamva kuti manda a kwanu akukokoloka sungagone. Ukapeza mpata wopita kunja pita, ndidzakupatsa moni pa wailesi pompano, koma munthu amene akupakira katundu chifukwa nyumba ikumira usamutche wamwayi.

Tipume pang'ono ndi yopepuka. Wina wa ku Mzuzu, sanalembe ngati ndi bambo kapena mayi, akufunsa ngati n'zoona kuti Tuvalu imadya ndalama za intaneti. Eya, dziko lililonse linapatsidwa zilembo zake, ife tili ndi .mw, iwo anagwera .tv, ndiye makampani a makanema amazifuna ndipo boma limalandira madola mamiliyoni angapo pachaka. Alinso ndi thumba la ndalama lotchedwa Tuvalu Trust Fund limene Britain, Australia ndi New Zealand anathandiza kukhazikitsa mu 1987.

Mlongo wathu amene ali ku Johannesburg akuti anamva kuti ku Tonga amakhalira ndalama za achibale akunja. Zoona mlongo, dziko la anthu pafupifupi 100,000, lolamulidwa ndi mfumu Tupou VI, ndipo ndalama zotumizidwa ndi ana awo a ku New Zealand, Australia ndi America zimaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chonse. Phiri la pansi pa nyanja litaphulika pa 15 January 2022 chingwe cha intaneti chinaduka, mabanja anakhala masabata osalandira kanthu. Inu tumizani ya sopo kumudzi, mwezi ukutha uwu.

Tsopano pali makalata angapo, sinditchula kochokera, onse nyimbo yake imodzi: "zikutikhudza chani ife, bwanji osakamba za mtengo wa feteleza ndi mafuta." Abale anga, za feteleza timakamba ndipo tikambabe, koma khalidwe ili loti chilichonse chimene sichili pakhomo pathu n'chopanda ntchito likutipweteka. Freddy atatikantha mu March 2023, mapiri akugumuka ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, tinkafuna dziko lonse lapansi litimvere chisoni. Thumba lolipira mayiko osauka akawonongedwa ndi kusintha kwa nyengo, limene anavomereza ku Egypt mu 2022, amene analimenyera nkhondo kwa zaka pafupifupi 30 ndi timayiko ta pa zilumba tomweti. Ndipo ku misonkhano imeneyo Malawi ndi Tuvalu amakhala m'gulu limodzi la mayiko osaukitsitsa. Ndiye musamandilembere ngati ndakutayitsani mabatire.

Mwana wa sukulu wa ku Dedza akufunsa malo amene ali ndi anthu ochepetsetsa. Ndi Pitcairn mwanawe, sakwana 50, ali pansi pa Britain, amagulitsa uchi ndi masitampa.

Agogo ena a ku Mangochi akuti ku Tokelau mtsogoleri amakhala zaka zingati. Chaka chimodzi agogo, zilumba zilipo 3, Atafu, Nukunonu ndi Fakaofo, ndipo atsogoleri ake amasinthana mpandowo chaka ndi chaka. Anthu ndi pafupifupi 1,500, anavota mu 2006 ndi 2007 zodzilamulira okha koma mavoti sanakwane, kachiwirika anapelewera 16 okha, ndiye akadali pansi pa New Zealand. Mwafunsanso za mtengo wa ndege yopita kumeneko, agogo bwalo la ndege kulibe, mumakwera sitima ku Apia, likulu la Samoa, ulendo woposa tsiku lathunthu panyanja. Wondithandiza kuno akundikodola kuti nthawi yatha, makalata otsalawa tiwerenga sabata ya mawa.