Bwanji mizukwa imakonda mahotela akale ndi maholo a zisudzo?

[Chithunzi: siteji yamdima, babu limodzi likuyaka pakati]

Taonani babu ili. M'maholo ambiri a zisudzo ku Ulaya ndi ku America, anthu akaweruka usiku amazimitsa magetsi onse n'kusiya limodzi lokhali pakati pa siteji. Azisudzo amati ndi nyale ya mizukwa, kuti nayonso izisewera anthu akapita. Woyang'anira holo angakuuzeni zina: n'loti munthu wolowa mumdima asagwere m'dzenje la oimba lomwe limakhala kutsogolo kwa siteji.

Tiyambire ku London, ku Theatre Royal Drury Lane. Nyumba imene ilipo lero inatsegulidwa mu 1812, ndipo ndi yachinayi kumangidwa pamalopo chiyambire 1663. Kumeneko amasimba za bambo wovala zotuwa, wa chipewa cha makona atatu ndi lupanga m'chiuno, amene amadutsa m'mipando ya m'mwamba n'kukalowa m'khoma. Chodabwitsa n'chakuti mkuluyu amayenda masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo azisudzo samuopa. Akaoneka pa nthawi yoyeserera amasangalala, amati sewerolo liyenda malonda. Amanenanso kuti m'zaka za m'ma 1840 amisiri anapeza mafupa a munthu kuseri kwa khoma, mpeni uli m'nthiti.

[Chithunzi: hotela yoyera m'mphepete mwa mapiri]

Iyi ndi Stanley Hotel ku Estes Park, m'boma la Colorado ku America. Anaimanga Freelan Oscar Stanley, amene ankapanga magalimoto oyendera nthunzi, ndipo inatsegulidwa mu 1909. Mu 1911 gasi anaphulika m'chipinda 217 n'kuvulaza mayi wokonza m'zipinda. Mayiyo sanafe. Mu 1974 wolemba mabuku Stephen King ndi mkazi wake anagona m'chipinda chomwecho hotela itatsala pang'ono kutsekera nyengo yozizira, alendo onse atapita. Buku lake la The Shining, losimba za hotela ya mizukwa, linatuluka mu 1977, ndipo mbiri ya mizukwa ya pamenepo inawanda dziko lonse pambuyo pake. Sungani ndondomeko imeneyi m'mutu: buku patsogolo, mbiri pambuyo.

Ndiye anthuwa akunama? Ine sindikuganiza choncho. Ambiri amamvadi chinachake.

Nyumba yakale simakhala chete. Matabwa amatenthedwa masana, usiku akamazizira amalira ngati mapazi. Mapaipi a madzi otentha amagogoda. Holo ya zisudzo ndiye inamangidwa dala kuti mawu aziyenda, moti kachitseko kakalira pansi, wokhala m'mwamba amamva ngati kali kukhutu kwake.

Koma nkhani imene ine imandigwira mtima ndi ya Vic Tandy, injiniya wa ku England. Anzake a pa labotale ankadandaula kuti m'chipinda china muli chinthu. Usiku wina ali yekha pa desiki anayamba kutuluka thukuta lozizira, thupi lonse tsemwe, kenako pakona pa diso anaona chinthu chotuwa chitaima pambali pake. Pocheuka, chazimiririka. M'mawa mwake anabwera ndi lupanga lake lamasewera kuti alikonze, n'kulimanga pa chopanira zitsulo. Lupangalo linayamba kunjenjemera lokha, osalikhudza. Tandy sanathawe, anayamba kufufuza. Anapeza kuti fani yatsopano yotulutsa mpweya inkatulutsa phokoso lotsika kwambiri, logunda pafupifupi ka 19 pa sekondi. Khutu la munthu limayamba kumva cha pa 20. Ndiye khutu silinkamva kanthu, koma thupi linkamva. Atakonza faniyo, mzukwa unasamuka. Nkhaniyi anaisindikiza mu 1998.

Palinso choopsa kuposa mzukwa weniweniwo. Mu 1921 dokotala wina wa maso ku America analemba za banja lomwe linkamva mapazi ndi kuona anthu atayima pafupi ndi bedi. Linkadwalanso mutu ndi kufooka. Vuto linali ng'anjo yotenthetsera nyumba yomwe inkatulutsa carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo. Abale anga, mukagona malo n'kudzuka nonse mutu ukuwawa, tulukani panja kaye, za mizukwa mukambirana muli kunja.

[Chithunzi: anthu akulowa m'holo yopanda anthu]

Tsopano bwererani ku ndondomeko ija. Mu 1997 akatswiri awiri, Rense Lange ndi James Houran, anatengera anthu 22 ku holo ya zisudzo. Theka anawauza kuti muli mizukwa, enawo anangowauza kuti nyumbayo akuikonza. Onse anayenda m'malo omwewo. Amene anauzidwa za mizukwa ndi amene anatuluka ndi zachilendo zambiri zoti asimbe. Mlendo wa m'hotela ali chimodzimodzi: bedi si lake, sadziwa kulira kwa nyumbayo, tulo n'topepuka, ndipo wolandira alendo wamunong'oneza kale za chipinda chakutichakuti.

Eni hotela sangatsutse, poti mzukwa salandira malipiro koma umabweretsa makasitomala. Ku Stanley lero kuli maulendo olipira oyendera hotelayo usiku, ndipo chipinda 217, momwe munaphulika gasi muja, ndi chimene alendo amalimbirana, ena mpaka kusungitsa malo kudakali miyezi.