Bambo wa tochi ndi makwerero

Moni nonse abale anga, kulikonse kumene mukundimvera. Lero sindikulankhula kuchokera ku South Bend, mzinda wa ku Indiana ku America, ayi. Ndili kwathu pa Kamwendo, ku Mchinji, pakhonde pa amayi, ndiye mukamva chigayo chikulira chapatali mundikhululukire.

Dzana achimwene anandipatsa foni yawo, amvekere: "Mlongo, taona nyumba iyi kuboma. Penti yatsopano, malata atsopano, mwini wake akufuna ndalama msanga." Nditangoona zithunzizo, mtima unabwerera ku Indiana, chaka chimene ndinkagula nyumba yanga.

Ku America mukagwirizana mtengo, mumasainirana pepala lopatsa wogula masiku ochepa, kawirikawiri sabata imodzi kapena masiku khumi, oti abweretse katswiri wodzaunika nyumbayo. Amati home inspection. Wolipira ndi iwe wogula. Ine ndinapereka madola 450, ndipo zinandiwawa, pakuti ndalama imeneyo ndinaipeza potembenuza agogo odwala usiku wonse. Banki nayo imatumiza munthu wake, koma uyo amangofuna kudziwa ngati nyumbayo ikufanana ndi ngongole imene ukupempha. Za denga lodontha si zake kwenikweni.

Anabwera bambo wachikulire, tochi m'manja, makwerero pagalimoto. Anatha maola atatu, ine ndili pambuyo pawo. Ngati mudzagule nyumba kumeneko, tsiku limenelo pemphani tchuthi kuntchito, mukaone ndi maso anu. Anakwera padenga, analowa m'siling'i, anatsegula mipope yonse nthawi imodzi, anayesa soketi iliyonse. Pa thanki yotenthetsa madzi anawerenga chaka chimene inapangidwa, nandiuza kuti zimenezi zimakhala zaka 8 mpaka 12, pamene iyi inali ndi zaka 14.

Koma chimene sindidzaiwala chinachitika m'chipinda cha pansi pa nthaka, chija amati basement. Makoma atatu anali otuwa, limodzi lokha lopakidwa penti yoyera mbee. Ine ndinaliyamikira khoma limenelo. Iwo anaima phee, natulutsa kachipangizo koyezera chinyontho, nkukagunditsa pamenepo. Khoma linali lonyowa. Anandifotokozera kuti chipale chikamasungunuka mu Marichi, madzi amadzera pomwepo. Anandionetsanso kusiyana kwa ming'alu: wowonda wotsika molunjika nthawi zambiri ndi simenti chabe imene inauma, koma woyenda chopingasa, khoma nkumatupira m'kati, umenewo ndi dothi likukankha maziko.

Pali zinanso zimene kuno sitiziganizira nkomwe. Nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1978 zimatha kukhala ndi penti ya mtovu, imene imaononga ubongo wa ana. Ndiye pali mpweya wotchedwa radon, wochokera m'nthaka, wosaoneka, wosanunkha, umene ku America uli pa nambala yachiwiri poyambitsa khansa ya m'mapapo, woyamba ali fodya. Anasiya kabokosi koyezera kwa maola 48. Boma limati muyezo ukafika 4 uchitepo kanthu. Wanga unapitirira.

Katswiriyu saboola khoma, ndipo sakuuza kuti gula kapena usagule. Amangolemba zimene waona. Lipoti linabwera mawa lake, masamba ambirimbiri ndi zithunzi, ndipo ndinalira, ndinkati nyumba yapita. Koma zambiri zinali zazing'ono, monga mpope wodontha. Zazikulu zinali zitatu basi. Tinabwerera kwa wogulitsa, iye anaikitsa paipi yokoka mpweya uja nkutsitsako mtengo, ndipo m'nyumba imeneyo ndi momwe ana anga akugona lero.

Chimene chimandipweteka ndi ichi. Ife tomwe timalipira munthu kuti akwawe m'siling'i ku Indiana, kuno timatumiza mamiliyoni titangoona zithunzi zinayi pa WhatsApp. Ndalama ya thukuta lomwelo!

Choncho m'mawa uno ndinawauza achimwene kuti tipeze mmisiri, koma asakhale mbale wake wa wogulitsa kapena amene anamanga nyumbayo. Tinapeza bambo wina womanga wa kumpingo kwathu, tinakwera naye minibasi mpaka kuboma. Analibe kachipangizo kalikonse, anangotenga msomali ndi kanyundo. Anagogoda pulasitala, penapake nkumveka phwaphwa. Anakanda ndi msomali kuseri kumene sanapake, dothi nkumayoyoka: njerwa zootcha ndithu, koma zomangira dothi, simenti ili pamwamba pokha. Anasuzumira m'denga napeza tinjira ta chiswe pa matabwa awiri. M'munsi mwa khoma la kuchipinda penti inali itayamba kale kutupa. Kenaka anapita kwa mayi woyandikana nawo amene amachapa panja: "Amayi, mvula ya mu Febuluwale madzi amadzera pati?" Mayiwo analoza pakhomo penipeni pa nyumbayo.

Achimwene anakhala chete ulendo wonse wobwerera. Titatsika anati nyumbayo akuifunabe, malo ake ndi abwino, pafupi ndi msewu wa ku Mwami, koma osati pa mtengo uja, ndiponso aone kaye mapepala a malowo. Panopa ali pansi pa mtengo wa mango akuimbira mwini wake. Ine amayi akundiitana, nsima yapsa. Tikumana sabata yamawa.