Kupanga botolo la madzi lopita nalo kumapiri ndi kutchire

[Patebulo pali ziwiya zinayi: botolo lapulasitiki wolimba, botolo lofinyika la panjinga, fulasiki yachitsulo, ndi thumba la madzi lokhala ndi kapaipi.]

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikambirana za kapangidwe ka ziwiya zonyamulira madzi akumwa kwa okwera mapiri, othamanga, opalasa njinga ndi ogona kutchire. Anthu ambiri akayamba kujambula botolo latsopano amathera nthawi pa thupi lake ndi maonekedwe. Komatu thupi la botolo silivuta kwenikweni. Botolo limalephera pakamwa, pachivindikiro, ndi paliponse pamene zidutswa ziwiri zakumana. Apa m'pamene tikhalitsepo.

[Sikelo. Dzanja likuikapo botolo lopanda madzi, kenako lodzaza.]

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo wopanga alibe nazo chochita. Munthu wolimbitsa thupi padzuwa amatha kutaya thukuta lokwana theka la lita mpaka malita 2 pa ola, n'chifukwa chake mabotolo a panjinga amakhala a mamililita 500 mpaka 750, a m'chikwama lita imodzi, ndipo matumba a kumsana lita imodzi ndi theka mpaka malita 3. Chimene wopanga angasinthe ndi kulemera kwa chiwiyacho. Pa lita imodzi yomweyo, botolo lopindika limalemera magalamu osakwana 50, lapulasitiki wolimba lili pakati pa 100 ndi 200, pamene fulasiki ya makoma awiri imafika 400 kapena kuposa. Musanasankhe chopangira, dziwani kaye kuti adzalinyamula ndani, nanga mtunda wautali bwanji.

[Kamera ili pansi pa mabotolo, pa timanambala ta m'kati mwa mivi itatu.]

Nambala 1 ndi PET, pulasitiki wa mabotolo a zakumwa. Ndi wopepuka, koma amayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 70, choncho madzi owira amamupinda. Nambala 2 ndi HDPE, wolimba ndiponso wosasweka msanga kukazizira, kungoti simuona bwino madzi m'kati. Nambala 4 ndi 5, LDPE ndi PP, ndi amene amapangira mabotolo ofinyika ndi zivindikiro. Mabotolo olimba oonekera m'kati kale ankapangidwa ndi polycarbonate, amene ali ndi mankhwala a BPA omwe anthu ankaopa kuti angawononge thanzi. Kampani ya Eastman itatulutsa pulasitiki wotchedwa Tritan mu 2007, opanga ambiri anasamukira kumeneko, kuphatikizapo kampani ya mabotolo ya Nalgene mu 2008.

Pa chitsulo, mudzaona manambala 18/8 kapena 304. Akutanthauza chitsulo chosachita dzimbiri chokhala ndi chromium 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti. Dzina lisakunamizeni: madzi amchere kapena a kulorini wambiri akagonamo masiku, amaboola timaenje ting'onoting'ono. Mtundu wa 316 uli ndi chitsulo china chotchedwa molybdenum ndipo umapirira mchere kwambiri. Aluminiyamu ndi wopepuka koma amafuna utoto wapadera m'kati, ndipo botolo likaphwanyika m'mbali utotowo ungathe kung'aluka pamalo pamene diso silifika.

[Zivindikiro ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono, pafupi kwambiri.]

Tsopano pakamwa. Kukamwa kwakukulu kofala ndi kwa mamilimita 63. Mumalowa ayezi, bulashi imafika pansi, ndipo mungatunge madzi pamtsinje wosaya. Vuto lake limaoneka mukamamwa mukuyenda: madzi amakhuthukira pachibwano. Kukamwa kwa mamilimita 28, kofanana ndi kwa mabotolo a zakumwa, kumamweka bwino ndipo masefa ambiri a paulendo amamangika pomwepo, koma kutsuka n'kovuta. Njira yabwino imene timaikonda ndi chivindikiro cha magawo awiri, chachikulu chothirira ndi kutsukira, chaching'ono chomwera. Kumbukirani chabe kuti mwawonjezera malo achiwiri amene angadonthe.

Mazinga a chivindikiro satseka madzi. Ntchito yawo ndi kukoka chivindikiro kuti chitsike. Chotseka madzi ndi mlomo wa botolo ukakanikiza kalabala kozungulira, kapena kamphete kapulasitiki kolowa m'kati mwa khosi. Mlomowo ukhale wosalala bwinobwino. Kamzere kotsala pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana kakadutsa pamlomo, ngakhale kochepa ngati tsitsi, madzi apeza njira.

Kalabala ka silikoni kamafuna kufinyidwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kunenepa kwake. Mukakafinya pang'ono kamadontha. Mukapitirira, kamaphwatalala osabwereranso, ndipo pakapita miyezi kamayamba kudontha ngakhale mutamanga ndi mphamvu zonse. Choncho ikani poimira m'chivindikiro kuti wogwiritsa ntchito asathe kumanga mopitirira. Kangalande kokhalamo kalabala kakhale kokagwira kuti kasagwe pothira madzi, komabe kakhale ndi kampata kolowetsa chikhadabo. Kalabala kosachotseka kamasunga chinyontho kuseri kwake, ndipo chuku chakuda chimayambira kumeneko.

Mazinga akhale akuluakulu ndi otalikirana. Ang'onoang'ono amapingasa mosavuta munthu akamatseka mumdima kapena atavala magolovesi, komanso mchenga umawadya.

[Botolo la kapaipi komwera. Chala chatseka kabowo kakang'ono pachivindikiro, madzi akukana kukwera.]

Madzi akamatuluka m'botolo lolimba, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Pakapanda polowera, womwa amayamwa mpaka masaya kuwawa. Pakangokhala bowo wamba, botolo limadonthera m'chikwama. Yankho ndi kavalavu ka silikoni kolola mpweya kulowa koma kokaniza madzi kutuluka. Ka mamilimita ochepa chabe, koma kakatayika potsuka botolo lonse latha ntchito, choncho kamangirireni ku chidutswa chachikulu.

Mpweya umavutanso pokwera phiri. M'mbali mwa nyanja ya mchere mphamvu ya mpweya ndi makilopasikali 101, pamene pa mamita 3,000 imatsika kufika pafupifupi 70. Botolo lolimba lotsekedwa m'munsi limasunga mphamvu ya m'munsiyo, ndipo pachivindikiro chachikulu kusiyanaku kumakankha ngati katundu woposa makilogalamu 6. Mukatsegula kapaipi komwera, madzi amathovokera kumaso. Dzuwa likatenthetsa mpweya wa m'botolo zimachitikanso chimodzimodzi. Chivindikiro chabwino chimatsegula njira ya mpweya kaye, ya madzi pambuyo.

[Fulasiki yodulidwa pakati, makoma awiri akuoneka.]

Nzeru ya fulasiki inachokera kwa James Dewar mu 1892, ndipo kampani ya Thermos inayamba kugulitsa zotere mu 1904. Pakati pa makoma awiri amachotsapo mpweya kuti kutentha kusowe podutsa, ndipo ena amakuta khoma lam'kati ndi kopa kuti kutentha kubwerere. Kutentha kotsala kumathawira pakhosi, pamene makomawo alumikizana, ndi pachivindikiro. N'chifukwa chake fulasiki ya kukamwa kwakung'ono imasunga kutentha nthawi yaitali kuposa ya kukamwa kwakukulu. Pansi pali kabowo kamene anapopera mpweya n'kumata. Ena amamata ndi mtovu, umene ndi wa poizoni, choncho chophimba chapansi chiyenera kukhala chosachoka ngakhale fulasiki itagwa. Kuti mudziwe ngati yafa, thiranimo madzi owira, dikirani mphindi 5, gwirani kunja. Ikafunda, mpweya walowa ndipo sikonzeka. Fulasiki musaiike pamoto. Botolo lachitsulo la khoma limodzi lopanda utoto ndi limene mungawiritsiremo madzi, mutachotsa chivindikiro: kuti tizilombo tife, mphindi imodzi akubwata, kapena mphindi 3 mukakwera kupitirira mamita 2,000.

[Thumba la madzi likulowetsedwa m'chikwama, kapaipi kakudutsa paphewa.]

Thumba lotere linayambika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Michael Eidson atanyamula madzi kumsana m'thumba la diripu pa mpikisano wa njinga ku Texas, ndipo kampani ya CamelBak inayambira pamenepo. Ubwino wake ndi woti munthu amamwa osaima, ndiponso katundu amakhala pafupi ndi msana. Matumba ambiri ndi a pulasitiki wofewa monga TPU, womatidwa ndi kutentha m'mbali. Lopanda chogawa m'kati limafufuma pansi n'kukankha msana, choncho amamata kakhoma pakati kuti likhale lophwatalala. Koma mapeto a kakhomako ndi pamene mphamvu yonse imasonkhana munthu akakhalira chikwama. Mapetowo akhale ozungulira, osati osongoka.

Kapaipi ka mita imodzi kokhala ndi bowo la mamilimita 6 kamasunga madzi pafupifupi mamililita 30. Madzi amenewa ndiwo amatentha padzuwa ndi kuundana pachisanu, thumba lili bwinobwino. Chofunda cha kapaipi chimangochedwetsa. Chothandiza kwambiri ndi kuuzira madzi kuti abwerere m'thumba mukatha kumwa. Kolumira, kavalavu ka kumapeto kwa kapaipi komwe mumaluma pomwa, kakhale ndi kotsekera kakekake, poti kakapanikizika pansi pa chikwama m'galimoto, malita 3 onse amatha mwakachetechete. Polumikizira kapaipi pakhale valavu yodzitseka yokha, ndipo thumba lizitseguka m'lifupi monse kuti litembenuzike n'kuuma. Thirani madzi okha m'thumba, zakumwa za shuga zipite m'botolo losavuta kutsuka.

[Botolo long'aluka litatuluka mufiriji.]

Madzi akaundana amakula ndi 9 peresenti. Lembani mzere wodzazira wosiya mpata pamwamba. Kumalo ozizira kwambiri botolo amalinyamula chozondoka, chifukwa ayezi amayambira pamwamba pa madzi ndipo chivindikiro chimakhala chomasuka. Sefa ya timapaipi ting'onoting'ono ta mabowo a 0.1 micron (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) imagwira mabakiteriya ndi tizilombo monga Giardia, koma mavairasi amadutsa. Ikaundana ili yonyowa, timapaipi timang'ambika m'kati popanda chizindikiro kunja. Wopanga alembe chenjezoli pa sefa penipenipo, osati papepala limene litayidwe tsiku loyamba.

[Malo oyesera. Mabotolo odzaza ali pamzere pansi pa simenti.]

Poyesa, botolo likhale lodzaza, chifukwa lopanda madzi limapirira kugwa mosavuta. Ligwetseni kuchokera pa mita imodzi ndi theka katatu: chapansi, cham'mbali, ndi chogwera chivindikiro. Bwerezani litakhala pozizira usiku wonse, poti pulasitiki wina, makamaka PP wamba, amasweka ngati galasi kukazizira. Thirani madzi a utoto, ligonekeni papepala loyera, lizondotseni, ligwedezeni. Tsegulani ndi kutseka kambirimbiri mutathira mchenga pang'ono pamazinga, kenako yesaninso kudontha. La panjinga liyesedwe m'chonyamulira chenicheni, chimene chimalandira botolo lonenepa mamilimita pafupifupi 74, pamsewu wa mabampu. Pomaliza perekani chivindikiro kwa munthu amene sanachionepo, achimasule zidutswa zonse, atsuke, abwezeretse popanda malangizo. Akabweza kalabala chagada ndipo chivindikiro n'kutsekeka ndithu, sinthani kangalandeko kuti kalabala kazilowa mbali imodzi yokha, kapena kakonzeni kuti kazitseka mbali zonse ziwiri.