Injiniya wa pamalo omanga kuno ku Britain: ntchito yake ndi makwerero ake

Moni nonse amene mukumvetsera, kaya muli kumudzi kaya muli kunja ngati ine. Lero tikambe za ntchito imene imayenera munthu woti kanthu kakang'ono sikamudutsa m'maso, komanso ali ndi mtima wofuna kutsogolera anzake. Kuno amaitcha site engineer.

Luso la munthu ameneyu limaoneka tsiku lothira konkire. Galimoto isanafike, ayambe waona ngati pulani imene ili m'manja mwake ndi yatsopano, chifukwa mapulani amasinthidwa kawirikawiri ndipo kumanga ndi yakale ndi kugumula mawa. Kenako zitsulo: kukula kwake, kutalikirana kwake, ndi mpata wa pakati pa chitsulo ndi thabwa la chikombole chothiramo konkire. Pulani ikati mamilimita 50, akhaledi 50. Mpata ukachepa, madzi ndi mchere umene amawaza m'misewu nthawi yozizira zimalowa mpaka kuchitsulo. Dzimbiri likagwira, chitsulo chimafufuma n'kung'amba konkire kuchokera mkati, ndipo izi zimadzaoneka patapita zaka, omanga atachoka kalekale.

Konkire ikafika, amaiyesa kufewa kwake. Amaithira m'chitini chosongoka chotalika mamilimita 300, m'magawo atatu, gawo lililonse kulisinja ka 25 ndi ndodo yachitsulo. Akazula chitinicho amayeza mmene yatsikira. Amatapanso ina n'kuumba timabokosi ta mamilimita 100 kapena 150, timene timasungidwa m'madzi a madigiri pafupifupi 20, n'kukaphwanyidwa pa makina pakatha masiku 7 ndi 28 kuti aone mphamvu ya konkireyo.

Utsogoleri umayambira pamenepa. Konkire ikabwera youma, anthu othira amafuna kuwonjezera madzi kuti iyende msanga. Madzi owonjezawo amaichepetsa mphamvu. Ndiye injiniya, ngakhale akhale wamng'ono pa onse, ayenera kukana, kubweza galimoto ngati m'pofunika, n'kulemba chifukwa chake m'buku la tsikulo. Chimodzimodzi kukazizira kwambiri: konkire yaiwisi ikagwidwa ndi chisanu isanalimbe, yaonongeka basi. Kwa ife amene tinakula tikuuzidwa kuti wamkulu sayankhidwa, apa m'povuta zedi, koma ndikukupemphani, phunzirani kukana mwaulemu muli ndi pulani m'manja. Akuluakulu a kampani amakweza munthu wotero.

Tsopano mapepala. Digiri kapena dipuloma ya kwanu muitumize ku UK ENIC, bungwe loona za mapepala a maphunziro ochokera kunja, kuti anene kuti ikufanana ndi iti ya kuno. Pamalo ambiri omanga simulowa opanda khadi ya CSCS, yosonyeza kuti munaphunzira ntchito yanu, ndipo kuti muipeze mumalemba kaye mayeso a zaumoyo ndi chitetezo a CITB, bungwe loona za maphunziro a ntchito zomanga. Mukafuna kuyang'anira gulu, pali maphunziro a masiku awiri a SSSTS. Oyang'anira ntchito yonse ya pamalopo amachita maphunziro a SMSTS, ya masiku asanu, ndipo satifiketi yake imatha pakapita zaka zisanu.

Pamwamba pa izi pali kulembetsa ku Engineering Council, bungwe losunga kaundula wa mainjiniya ovomerezeka kuno, kudzera m'bungwe ngati Institution of Civil Engineers. Makwerero ndi atatu, kuyambira pansi kukafika pamwamba: EngTech, IEng ndi CEng. Kumeneko amafunsa umboni wa zimene munasankha inuyo, osati zimene gulu linachita. Choncho yambani sabata yoyamba kusunga kabuku: tsiku, vuto, chimene munagamula, ndi amene anasainira.